Mafunso a Owerenga: Giza ya Sola Yokhala ndi Thanki Yakeyake

Makalata amene tawasankha ulendo uno akukhudza chipangizo chimodzi, chomwe ndi giza ya sola imene thanki yake imakhala pamodzi ndi mbali yokolera dzuwa. Ena mwa olemba ali nayo kale padenga ndipo ali ndi madandaulo, pamene ena akulingalirabe ngati n'koyenera kuigula. Makalata aatali tawafupikitsa, koma mfundo zake sitinazisinthe.

Funso: Ndimaona magiza a sola a mitundu yosiyana pamadenga. Ena amaoneka ngati bokosi lagalasi chabe, ena ali ndi thanki yogona pamwamba pa machubu. Wogulitsa wina anandiuza kuti onsewa ndi amodzi. Kodi ndi zoona, nanga madzi amayenda bwanji popanda pampu?
Bambo amene akumanga nyumba

Yankho: Bambo, wogulitsayo ananena zoona pang'ono chabe. Magiza onsewa amafanana pa mfundo yakuti chitsulo chakuda chikakhala padzuwa chimatentha, ndipo chikaphimbidwa ndi galasi kutenthako sikuthawa msanga, popeza galasi limalola kuwala kwa dzuwa kulowa koma limatchinga mphepo ndi kubweza gawo lalikulu la kutentha kumene chitsulocho chimatulutsa. Kusiyana kwawo kuli pa malo amene madzi otentha amagona usiku.

Mu mtundu woyamba, thanki yopakidwa utoto wakuda imaikidwa m'bokosi limene pansi ndi m'mbali mwake mwayalidwa zotsekereza kutentha, ndipo pamwamba pake pali galasi. Thanki yomweyo ndiyo imakola dzuwa, ndipo yomweyonso ndiyo imasunga madzi. Mukatsegula mpopi m'nyumba, madzi ozizira amalowa chapansi pa thanki n'kukankha otentha amene ali pamwamba kuti atuluke. M'magiza ena amtunduwu mulibe thanki imodzi yaikulu, koma mapaipi angapo onenepa a kopa olumikizidwa motsatizana, kotero kuti madzi ozizira amene angolowa kumene sasakanizika msanga ndi otentha amene ali m'paipi yomaliza. Palibe chimene chimazungulira kapena kulira mmenemo, ndipo n'chifukwa chake mtunduwu sukonda kuwonongeka.

Mu mtundu wachiwiri, umene amisiri amautcha thermosiphon, thanki imakhala payokha pamwamba, yokutidwa mbali zonse, ndipo chokolera dzuwa, kaya ndi machubu agalasi kapena mbale yakuda yokhala ndi timapaipi, chimakhala m'munsi mwake pa felemu imodzi. Madzi akatentha amapepuka, choncho amakwera okha kupita m'thanki, pamene ozizira, omwe ndi olemererapo, amatsika kukalowa m'malo mwawo. Kuzungulira kumeneku kumapitirira malinga ngati dzuwa likuwala, ndipo likalowa kumaima kokha chifukwa madzi otentha ali kale pamwamba ndipo alibe chowatsitsa. Onse awiri amagulitsidwa ngati magiza okhala ndi thanki yawoyawo, koma musawayese amodzi, chifukwa funso lotsatirali likuonetsa kuti kusiyana kwawo mudzakumva pathupi m'mamawa.

Funso: Tinaika giza yamtundu wa bokosi miyezi ingapo yapitayo. Madzulo madzi amatentha moti sungawagwire, koma m'mawa pamene ana akusamba kuti apite kusukulu amakhala ofunda pang'ono chabe. Amene anatiikira akuti palibe chawonongeka. Kodi tinagula chinthu chachabe?
Mayi wa ana atatu

Yankho: Mayi, mmisiri wanuyo sakukunamizani, ngakhale kuti anayenera kukuuzani zimenezi musanagule. Chimene mukudandaula si chizindikiro chakuti giza yawonongeka, koma ndi mmene mtundu umenewu ulili. Kuti thanki ikole dzuwa, mbali yake imodzi iyenera kuyang'ana kumwamba popanda chotsekereza china kupatula galasi, ndipo khomo limene kutentha kumalowera masana ndi lomwelo limene kumatulukira usiku. Chodabwitsa kwa ambiri n'chakuti vutoli limakula kwambiri usiku wopanda mitambo, womwe ndi usiku wa masiku ambiri m'madera adzuwa. Thambo loyera limalandira kutentha kumene galasi likutulutsa osabweza kwenikweni, pamene mitambo ikakhalapo imabweza gawo lina. Choncho nyengo imene imakupatsani madzi otentha kwambiri madzulo ndi yomweyo imene imawazizitsa kwambiri pofika mbandakucha.

Dandaulo lanu ndi lakale ngati mmene gizayo ilili yakale. Mu 1891 Clarence Kemp wa mumzinda wa Baltimore ku America analembetsa umwini wa giza yoyamba ya sola yopangidwira malonda, yotchedwa Climax, yomwe inali mathanki achitsulo akuda m'bokosi lophimbidwa ndi galasi, ndipo inagulidwa kwambiri ku California kumene dzuwa ndi losasowa. Eni ake anakondwera ndi madzi amadzulo koma anadandaula za m'mawa, monga mmene mukuchitira inu. Mu 1909 William Bailey, ku California komweko, anathetsa vutoli polekanitsa mbali ziwirizi. Iye anaika timapaipi topyapyala padzuwa, ndipo madzi otentha ankakwera kupita m'thanki yokutidwa bwino imene sinkayang'ana kumwamba. Giza yake, yomwe anaitcha Day and Night, inalanda msika m'zaka zochepa, ndipo ndiyo kholo la magiza a thermosiphon amene alipo lero.

Pali zinthu zimene mungachite osagula giza ina. Choyamba ndi chosafuna ndalama, koma chimafuna kuti banja ligwirizane, ndiko kusamutsira ntchito zambiri zofuna madzi otentha kumasana ndi madzulo, kuyambira cha m'ma 2 koloko mpaka dzuwa litangolowa, pamene thanki ili pachimake. Pamenepa pali msampha umene muyenera kuudziwa. Lita iliyonse ya madzi otentha imene mwatunga madzulo imalowedwa m'malo ndi lita ya madzi ozizira, ndipo dzuwa likakhala litalowa palibenso chowatenthetsa. Banja likasamba lonse usiku n'kumayembekezeranso madzi otentha m'mawa, likupempha thanki imodzi kuti igwire ntchito ya mathanki awiri. Kawirikawiri chimene chimazizitsa madzi a m'mawa si thambo lokha ayi, koma madzi amene anagwiritsidwa ntchito dzulo madzulo. Mungayese zimenezi mosavuta: tsiku lina ladzuwa musatunge madzi otentha kuyambira 4 koloko madzulo, ndipo m'mawa muone mmene alili. Akakhala otentha mokwanira, ndiye kuti vuto lanu ndi kuchepa kwa thanki. Akakhalabe ofunda chabe, ndiye kuti bokosi likutaya kutentha kochuluka.

Ngati giza yanu ili pamalo ofikika, monga pansi kapena pa khonde lam'mwamba, chivundikiro chokhuthala choika pagalasi dzuwa likamalowa n'kuchichotsa m'mawa chimathandiza kwambiri, ngakhale kuti ndi ochepa amene amapirira ntchito imeneyi tsiku ndi tsiku, ndipo kuiwala kuchichotsa kumatanthauza tsiku lonse lopanda madzi otentha. Ife sitingalangize aliyense kumakwera padenga kawiri patsiku chifukwa cha zimenezi. Magiza abwinopo amtunduwu amakhala ndi magalasi awiri okhala ndi mpata wa mpweya pakati, ndipo thanki yake sipakidwa utoto wakuda wamba koma imakutidwa ndi mankhwala apadera amene amakola kuwala kochuluka n'kumatulutsa kutentha kochepa. Luso limeneli analitukula Harry Tabor ku Israel m'zaka za m'ma 1950. Zonsezi zimachepetsa vutolo koma sizilithetsa. Kwa banja limene ntchito yake yaikulu ndi kusamba m'mamawa, maganizo athu ndi akuti thermosiphon ndiyo inali yoyenera, ndipo wogulitsa amene safunsa nthawi imene makasitomala ake amasamba sanagwire ntchito yake mokwanira.

Funso: M'nyumba mwathu tilimo anthu asanu. Kodi tigule giza ya malita angati, ndipo tingadziwe bwanji kuti galasi lake ndi lokwanira?
Mphunzitsi wopuma pantchito

Yankho: Aphunzitsi, popeza masamu si achilendo kwa inu, tiwerengere limodzi. Yuniti imodzi ya mphamvu, yofanana ndi yuniti ya magetsi imene mumalipira, imakweza kutentha kwa malita 100 a madzi ndi madigiri pafupifupi 8.6. Choncho kuti malita 150 achoke pa madigiri 20 kufika pa 60 pamafunika mayunitsi pafupifupi 7. Dzuwa likakhala paliwombo kunja kuli koyera, sikweya mita imodzi imalandira mawati pafupifupi 1,000, ndipo m'madera adzuwa tsiku lathunthu limapereka mayunitsi 5 kapena 6 pa sikweya mita. Giza siikola zonsezi, chifukwa kuwala kwina kumabwezedwa ndi galasi ndipo kutentha kwina kumathawa masana omwewo. Tikayerekeza kuti imakola theka kapena kucheperapo, sikweya mita iliyonse ikupatsani mayunitsi awiri ndi theka, kutanthauza kuti thanki ya malita 150 ikufunika galasi la masikweya mita pafupifupi atatu kuti ifike pa madigiri 60 tsiku limodzi.

Chiwerengero chimenechi, cha malita pafupifupi 50 pa sikweya mita iliyonse, n'chothandiza pofananiza magiza m'sitolo, chifukwa anthu ambiri amangoyang'ana kukula kwa thanki. Thanki yaikulu yokhala ndi galasi laling'ono imakupatsani madzi ambiri ofunda amene satentha kwenikweni, pamene thanki yaing'ono ya galasi lalikulu imatentha mopitirira n'kutha msanga. Pa magiza a machubu, opanga ambiri amaika chubu chimodzi cha mamilimita 58 m'mimba ndi mamita 1.8 m'litali pa malita 10 aliwonse, kotero kuti thanki ya malita 150 imabwera ndi machubu 15.

Kumbukiraninso kuti munthu sasamba madzi a madigiri 60. Madzi osamba amakhala cha pa madigiri 40, ndipo mukasakaniza lita imodzi ya madigiri 60 ndi lita imodzi ya madigiri 20 mumapeza malita awiri oyenera kusamba. Amisiri ambiri amawerengera malita 40 mpaka 50 a madzi otentha pa munthu aliyense patsiku, ndiye kuti anthu asanu angafune malita 200 kapena 250. Banja losamba ndi ndowa limagwiritsa ntchito ochepa kwambiri kuposa pamenepa, pamene la achinyamata okonda kuchedwa m'shawa lingapitirire.

Funso: Denga langa ndi lamalata ndipo mitengo yake si yaikulu. Mmisiri akuti angoika giza pamalo alionse amene ndingasankhe. Kodi pali zimene ndiyenera kuonetsetsa?
Mwini nyumba

Yankho: Mmisiri amene akuti malo alionse ndi abwino muchenjere naye. Lita imodzi ya madzi imalemera kilogalamu imodzi, choncho giza ya malita 200 ikadzaza, kuphatikiza thanki, galasi ndi felemu, imapitirira makilogalamu 250, ndipo kulemera konseku kumakhala pamalo aang'ono usana ndi usiku kwa zaka zambiri. Malata paokha sanganyamule katundu wotere. Miyendo ya felemu iyenera kukhala pamwamba pa mitengo ikuluikulu ya denga, makamaka pafupi ndi khoma, ndipo ngati mitengoyo ndi yaing'ono kapena yadyedwa ndi chiswe, ndi bwino kumanga nsanja yachitsulo pambali pa nyumba. Felemu imangidwenso ndi mabawuti, osati waya, chifukwa mphepo yamkuntho imalowa pansi pa galasi n'kulinyamula, ndipo pamene bawuti yaboola lata pamatidwe bwino kuti mvula isalowe.

Galasi liyang'ane kumene kuli ikweta. Amene ali kum'mwera kwa ikweta aliyang'anitse kumpoto, ndipo amene ali kumpoto kwake aliyang'anitse kum'mwera. Kupendekeka kwake kufanane ndi latitudi ya malo anu, ndiko kuti madigiri osonyeza kutalikirana kwa malowo ndi ikweta, ndipo mungawonjezepo madigiri 10 ngati mukufuna madzi otentha kwambiri m'miyezi yozizira pamene dzuwa limayenda chapansi. Ngakhale pafupi ndi ikweta, galasi lisagone chathyathyathya, koma lipendekeke madigiri osachepera 10 kapena 15 kuti mvula izitsuka fumbi komanso kuti madzi azikwera bwino m'thanki. Kuphonya kumpoto ndi madigiri ochepa sikuwononga zambiri. Chimene chimawononga ndi mthunzi. Imani pamalopo cha m'ma 9 koloko m'mawa, masana ndi 3 koloko, muone ngati mtengo, thanki yamadzi kapena nyumba yoyandikana ikuphimba, ndipo muganizirenso kuti m'miyezi yozizira mithunzi imatalika komanso kuti mtengo umene ndi waung'ono lero udzakula.

Gizayo ikhale pafupi ndi bafa. Paipi ya mamilimita 15 yotalika mamita 10 imasunga madzi pafupifupi lita imodzi ndi theka, amene amazizira mukangotseka mpopi ndipo muyenera kuwataya musanalandire otentha. Paipi ya madzi otentha ikutidwe ndi zotsekereza kutentha, ndipo zotsekerezazo ziphimbidwe chifukwa dzuwa limazifumbutsa m'zaka zochepa.

Pomaliza funsani ngati gizayo ndi yolandira mphamvu ya madzi a m'mapaipi aakulu kapena ndi yongodalira kutsika kwa madzi. Magiza ambiri a machubu amene madzi amalowa m'galasi mwenimwenimo sapirira mphamvu yaikulu, choncho amadzazidwa kudzera m'kathanki kakang'ono ka pamwamba, ndipo madzi ake amatsika ndi mphamvu yochokera ku kutalika kokha. Pamafunika mamita 10 a kutalika kuti mupeze bar imodzi, yomwe ndi muyeso wa mphamvu ya madzi m'paipi, ndiye kuti giza imene ili mamita awiri pamwamba pa shawa imapereka madzi ofooka. Mukalumikiza madzi oterewa pa mpopi wosakaniza pamodzi ndi madzi ozizira amphamvu, ozizirawo amagonjetsa otentha, mwinanso kuwakankha kubwerera kudenga. Njira yake ndi kutenga madzi otentha ndi ozizira a m'bafa kuchokera ku gwero la mphamvu yofanana.

Funso: Mwana wanga wamng'ono anatsala pang'ono kupsa ndi madzi a m'giza ya sola masana ena. Mnzanga wina akuti ndichepetse kutentha kwake, koma wina akuti madzi ofunda amaswanitsa tizilombo toyambitsa matenda. Ndimvere uti?
Mayi wodera nkhawa

Yankho: Mayi, anzanu onse awiri akunena zoona, ndipo yankho lake ndi kusunga madzi ali otentha kwambiri m'thanki koma kuwatulutsa ali ozizirapo pampopi. Giza yamagetsi ili ndi chozimitsa chimene chimadula moto madzi akafika pamlingo woikika, koma dzuwa lilibe chozimitsa. Tsiku lotentha limene madzi sanagwiritsidwe ntchito, giza ya machubu imatha kufika pafupi ndi kuwira. Madzi a madigiri 60 amawotcha khungu la munthu wamkulu m'masekondi ochepa, ndipo khungu la mwana kapena la munthu wokalamba, pokhala lopyapyala, limapsa msanga kuposa pamenepo. Chimene mukufunika ndi valavu yosakaniza madzi, imene imaikidwa pa paipi yochokera ku giza ndipo imathira yokha madzi ozizira kuti ofika ku bafa asapitirire madigiri 50. Ife timaona kuti giza ya sola yopanda valavu imeneyi, m'nyumba yokhala ndi ana, ndi ntchito yosamalizidwa. Pamene mukudikira mmisiri, zolowetsani onse a m'nyumba kuyamba kutsegula madzi ozizira, ndipo mwana asalowe m'madzi amene munthu wamkulu sanawayese.

Tizilombo timene mnzanu wachiwiri akunena ndi mabakiteriya otchedwa Legionella, amene anadziwika mu 1976 anthu ambiri atadwala chibayo pamsonkhano wa asilikali akale mumzinda wa Philadelphia. Amaswana m'madzi okhazikika a madigiri apakati pa 20 ndi 45, ndipo amafa m'mphindi zochepa madzi akafika pa madigiri 60. Munthu amawatenga makamaka popuma timadontho ta madzi touluka, monga ta m'shawa, ndipo amene ali pachiopsezo chachikulu ndi okalamba, osuta fodya ndi amene chitetezo cha m'thupi mwawo chatsika. M'nyengo yadzuwa giza yabwino imadzitsuka yokha chifukwa imafika pa madigiri 60 kawirikawiri. Nthawi yochenjera ndi pamene kwachita mitambo masiku ambiri motsatizana, kapena pamene nyumba yakhala yopanda anthu. Zikatero tenthetsani thanki yonse kufika pa madigiri 60 ngati ili ndi chotenthetsera chamagetsi, ndipo tsegulani mipopi madzi akale atuluke musanasambe.

Funso: Kapaipi kena ka pa giza yathu kamadontha masana alionse. Ndikufuna kukatseka kuti madzi asamawonongeke.
Wowerenga wathu

Yankho: Musakatseke m'pang'ono pomwe. Madzi akamatentha amafufuma, ndipo kuchoka pa madigiri 20 kufika pa 60 amawonjezeka ndi gawo limodzi ndi theka pa magawo 100 alionse, kutanthauza malita awiri ndi pang'ono pa thanki ya malita 150. Madzi owonjezekawo ayenera kupeza potulukira, ndipo kapaipiko, kaya ndi kopumira kapena kochokera pa valavu yotetezera, ndi kamene kamaletsa thanki kuphulika. Ikani chotengera pansi kuti madziwo agwire ntchito ina, koma kamwa ya kapaipiko iloze kumene sikudutsa anthu, popeza nthawi zina kamalavula madzi owira. Ngati kakudontha usiku wonse kapena kakuchucha mosalekeza, ndiye kuti valavu yatha kapena mphamvu ya madzi olowa yachuluka, ndipo pamenepo itanani pulambala.

Funso: Madzi athu ndi a pachitsime chakuya ndipo sopo satulutsa thovu msanga. Giza yathu ya machubu yatha zaka zitatu ndipo siikutenthetsanso ngati kale. Chubu chimodzi chayera kunsonga. Kodi zinthu ziwirizi n'zogwirizana?
Mlimi

Yankho: Ndi mavuto awiri osiyana, ndipo tiyambe ndi la chubu chifukwa ndi losavuta. Chubu chilichonse ndi magalasi awiri, lina mkati mwa linzake, ndipo mpweya wa pakati pawo unachotsedwa, mofanana ndi fulasiki yosungira tiyi. Mpata wopanda mpweyawo ndi umene umaletsa kutentha kuthawa. Kunsonga ya m'munsi opanga amapakako chitsulo chotchedwa barium chimene chimaoneka chonyezimira ngati siliva, ndipo mpweya ukalowa chifukwa cha mng'alu, chimasanduka choyera. Chubu chanucho chafa, ndipo mukachigwira masana mudzapeza kuti kunja kwake n'kofunda pamene machubu abwino ndi ozizira. Chimasinthidwa pachokha popanda kugula giza ina, koma ntchitoyi ichitike m'mamawa, thanki itakhuthulidwa.

Vuto lalikulu ndi la madzi anu. Madzi amene sopo savutikira kutulutsa thovu amakhala opanda laimu wambiri, koma anuwo ali ndi laimu wosungunuka, amene amalekana ndi madzi akatentha n'kukakamira pa chitsulo kapena galasi, ndipo kukakamiraku kumafulumira madzi akapitirira madigiri 60. M'machubu, laimu ndi matope zimadikha pansi n'kuchepetsa malo amene madzi amazungulira. M'timapaipi ta mbale yakuda, zimatseka njira pang'onopang'ono mpaka madzi kuleka kuyenda. Apa mtundu wa bokosi uli ndi mwayi, popeza thanki yake ndi yotakasuka ndipo ilibe tinjira ting'onoting'ono totsekeka. Mankhwala ake ndi kukhuthula thanki ndi kutsuka machubu kamodzi pachaka kapena pa zaka ziwiri, pogwiritsa ntchito asidi wofatsa monga vinega kapena citric acid, kenako kutsukuluza bwino. Amene sanagule ndipo madzi awo ndi otere afunse za magiza amene madzi osamba salowa m'chokolera dzuwa, koma amalandira kutentha kuchokera ku madzi ena otsekeredwa amene sasinthidwa.

Funsaninso ngati thanki yanu ili ndi ndodo ya magnesium. Mathanki achitsulo okutidwa ndi enamelo mkati amakhala ndi ndodo imeneyi, imene imadyeka m'malo mwa thanki, ndipo ikatha dzimbiri limayamba kudya thankiyo. Ndodo ndi yotsika mtengo poyerekeza ndi thanki, koma chifukwa siioneka, eni magiza ambiri amamva za iyo tsiku limene denga layamba kudontha. Mathanki a chitsulo chosachita dzimbiri nawonso si osagonjetseka, chifukwa madzi amchere amawaboola, makamaka m'malo owotcherera. Ndipo musaiwale chinthu chapafupi: m'miyezi yopanda mvula fumbi limaphimba galasi, choncho litsukeni ndi madzi ndi nsalu yofewa m'mawa lisanatenthe.

Funso: Kodi masiku a mitambo tizisamba madzi ozizira? Ndamva kuti magiza ena ali ndi chotenthetsera chamagetsi mkati, koma ndikuopa kuti ndalama za magetsi sizitsika.
Bambo wogwira ntchito mu ofesi

Yankho: Mitambo yopyapyala siiletsa giza kugwira ntchito, imangochepetsa, ndipo madzi amafundabe ndi kuwala komwazika. Mitambo yakuda ya masiku angapo ndiyo imasiya thanki yozizira, ndipo palibe giza ya sola imene ingalonjeze madzi otentha masiku onse 365 popanda chothandizira. Ngakhale ku Israel, kumene lamulo la mu 1980 linakakamiza kuti nyumba zatsopano zambiri zikhale ndi magiza a sola, komanso ku Cyprus, kumene nyumba zochuluka kwambiri zili nawo, mathanki amabwera ndi chotenthetsera chamagetsi chimene anthu amayatsa m'masiku ochepa a dzinja lawo.

Nkhawa yanu ndi yomveka, chifukwa chotenthetsera chosiyidwa choyaka nthawi zonse chimalanda ntchito ya dzuwa. Banja likasamba m'mawa, madzi ozizira amalowa, chotenthetsera chimayaka pomwepo, ndipo pofika 10 koloko, pamene dzuwa layamba kugwira ntchito, limapeza madzi atatenthedwa kale ndi magetsi amene mwalipira. Munthu wotere ali ndi giza yamagetsi yokhala padenga, ndipo amadabwa kuti bilu siikusintha. Chotenthetsera chikhale ndi switchi yakeyake kapena wotchi yoyatsa ndi kuzimitsa, ndipo chiziyaka chakumadzulo dzuwa litamaliza mbali yake, pokhapokha ngati madzi sanafike pofunika. Pa giza yamtundu wa bokosi, kuyatsa magetsi usiku n'kutaya ndalama, popeza kutentha kumene mwagula kudzatulukira pagalasi kusanache. Mtundu umenewu umachita bwino ukaikidwa kutsogolo kwa giza ina ya m'nyumba, yamagetsi kapena ya gasi, kotero kuti madzi amafika kumeneko atafunda kale ndipo giza yachiwiriyo imangowonjezera madigiri otsalawo. Mawaya a chotenthetsera chilichonse chapadenga aikidwe ndi mmisiri wamagetsi wovomerezeka, ndipo thanki ilumikizidwe ndi waya wopita m'nthaka.

Funso: Tikuchoka panyumba kwa mwezi wathunthu m'nyengo yotentha. Tikhuthule giza kapena tiisiye yodzaza?
Banja lina

Yankho: Isiyeni yodzaza, madzi olowa akhale otsegula, magetsi a chotenthetsera muzimitse, ndipo muphimbe galasi kapena machubu ndi nsalu yokhuthala yoyera kapena neti yamthunzi yomangidwa bwino kuti mphepo isaichotse. Giza yosaphimbidwa imene palibe akutungamo imawira tsiku ndi tsiku, zimene zimataya madzi, zimachulukitsa laimu ndi kufooketsa mphira zotsekera. Giza yopanda madzi ndiyo ili pangozi yaikulu, chifukwa mkati mwa chubu chouma chimene chili padzuwa kutentha kumatha kupitirira madigiri 200, ndipo madzi ozizira akalowamo mwadzidzidzi galasi limasweka nthawi yomweyo. Lamulo lomweli likukhudzanso madera amene madzi a m'mipopi amasiya kutuluka kawirikawiri. Mukapeza kuti thanki yauma masana, tsekani valavu ya madzi olowa, ndipo mudzaitsegule usiku kapena m'mamawa machubu atazizira.